Kodi ndimuletse mwana tulo ta masana kuti azigona usiku?

Mayi_wa_ku25

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga. Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 8, ndipo chibwerereni ine ku ntchito, usiku wa m'nyumba mwathu unasanduka usana. Ndimachoka pakhomo cha m'ma 6 koloko m'mawa kukakwera minibasi, ndipo ndimafika madzulo kukuyamba kuda. Pafupifupi tsiku lililonse ndimapeza mwana ali mtulo kumsana kwa mtsikana amene amamulera, iye akuphika ndiwo pa mbaula. Ndikafunsa kuti wagona nthawi yanji, yankho limakhala lakuti "posachedwapa", koma tsaya la mwana limakhala litadindika mizere ya chitenje, zomwe zimandiuza kuti wagona nthawi yaitali ndithu. Akadzuka amayamwa n'kuyamba kusewera ngati kwangocha kumene, ndipo tulo timamugwira cha m'ma 10 kapena 11 koloko usiku. Pamenepo amadzukanso kawiri kapena katatu kusanache, ndipo masiku ena 2 koloko usiku timamupeza atakhala tsonga m'neti, akuwomba m'manja.

Apongozi anga atabwera kudzacheza anati timamulekerera, ndipo analangiza kuti tsiku lonse asagone ngakhale pang'ono, kuti usiku agone tulo tofa nato. Loweruka lapitali ndinatsatira malangizowo. Pofika 3 koloko masana mwana anali akulira mosatonthozeka, phala anakana, kenako anagonera pa bere cha m'ma 5 koloko, ndipo usiku umenewo anadzuka kasanu, mwinanso kuposerapo. Tsopano sindikudziwa kuti cholakwika chili pati. Kodi tulo ta masana timadya tulo ta usiku, kapena timathandiza?

Kalulu77

Mwayankha kale nokha, amayi. Mankhwala munawayesa Loweruka, ndipo matenda anakula.

Agogo_a_ku_Dedza

Mwanawe, ine ndinalera ana asanu ndi awiri popanda wotchi, ndipo palibe amene ndinamuletsa kugona. Mwana ankagona kumsana ndikupalira kumunda, ankagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, ankagona ndikusinja, mtondo ukulira pafupi ndi khutu lake. Sindikumbuka kuti ndinakhalapo maso ndi khanda mpaka 11 koloko, pokhapokha likadwala. Komabe ndisanawaweruze apongozi anu, ndinene kuti malangizo awo si opanda mutu. Amagwira ntchito pa mwana amene akuthamanga kale, wa zaka zitatu kapena zinayi, amene akagona madzulo amavutitsa anthu usiku. Iwo angosokoneza misinkhu, monga timachitira tonse tikakalamba, poti zaka za ana athu zimasakanikirana m'mutu. Pa khanda la miyezi 8 malangizo amenewo ndi nkhanza, ngakhale kuti iwo sanafune kuchita nkhanza.

Namwino_wopuma

Ndinagwira ntchito ku sikelo ya ana zaka zambiri, ndipo funso ili ndinalimva kosawerengeka. Ndiyambe ndi chiwerengero, kuti tikhale ndi poyambira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 onena kuti khanda lochokera pobadwa kufika miyezi 3 limafunika kugona maola 14 mpaka 17, la miyezi 4 mpaka 11 maola 12 mpaka 16, ndipo mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri maola 11 mpaka 14. Chofunika kuchigwira n'chakuti maola amenewa ndi a usana ndi usiku pamodzi, kuphatikizapo tulo tonse ta masana.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagoneka munthu, wamkulu ndi khanda lomwe. Choyamba ndi kutopa kwa ubongo kumene kumaunjikana munthu akakhala maso. Tingakuyerekeze ndi ndowa imene yaikidwa pa mpopi wodontha: ikadzaza, tulo timabwera, ndipo munthu akagona ndowayo imakhuthulidwa. Ndowa ya munthu wamkulu ndi yaikulu, imatha tsiku lonse isanadzaze. Ya khanda la miyezi 8 ndi kachitini chabe, kamene kamadzaza pakatha maola awiri ndi theka kapena atatu, n'chifukwa chake liyenera kugona kangapo masana. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, imene imatsatira kuwala ndi mdima. Kukada, thupi limatulutsa homoni yotchedwa melatonin, imene imauza ziwalo kuti usiku wafika. Khanda longobadwa kumene silikhala ndi wotchi yokhazikika, ndipo imayamba kuyenda bwino likamakwanitsa miyezi itatu.

Tsopano taonani zimene zikuchitika kwanu. Mwana akagona kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko madzulo, kachitini kake kamakhuthulidwa pa nthawi yeniyeni imene kamayenera kukhala kakudzaza. Mdima wafika, koma kutopa palibe, choncho ayenera kukhala maso maola ena atatu kapena anayi kuti kadzazenso. Werengerani nokha: 6 koloko kuphatikiza maola anayi ndi 10 koloko. Vuto lanu si kugona masana ayi, koma nthawi imene tulo tomaliza ta masana tikuthera.

Mayi_wa_ku25

A Namwino, masamu amenewo andilasa mtima, chifukwa akugwirizana ndendende ndi zimene ndimaona. Nanga Loweruka lija, kachitini katadzaza mpaka kusefukira, n'chifukwa chiyani sanagone bwino?

Namwino_wopuma

Chifukwa mwana wotopa mopitirira muyezo sakhala wofatsa, amakhala wolusa. Amadziwongola msana, amakana bere limene akulifuna, amalira mpaka kutuluka thukuta, ndipo kumugoneka kumasanduka nkhondo. Chinanso, munanena nokha kuti anakana phala, kutanthauza kuti anagona ndi njala, ndipo njala imadzutsa. Komanso musaiwale kuti pamapeto pake anagonabe 5 koloko, nthawi yomweyo imene imakuvutitsani masiku onse. Munamulanda tulo tothandiza ta m'mawa ndi masana, n'kumusiyira tosokoneza ta madzulo.

Bambo_wa_mapasa

Ndikugwirizana ndi a Namwino pa za nthawi, koma ndikufuna kutsutsa chiphunzitso china chimene chafala kwambiri, chakuti mwana akagona kwambiri masana ndiye kuti agonanso kwambiri usiku, ngati kuti tulo timabala tinzake. Ine ndili ndi mapasa, mwamuna ndi mkazi, ndipo kulera mapasa kuli ngati kuchita kafukufuku m'nyumba mwako momwe, popeza chakudya n'chimodzi, chipinda n'chimodzi, phokoso n'limodzi. Ali ndi miyezi 10, wamkazi ankagona maola awiri masana onse ndipo usiku ankagona maola 11. Wamwamuna ankagona maola anayi masana, ndipo usiku sankapitirira maola 9, nthawi zambiri ndi mpata wa ola lathunthu pakati pa usiku pamene ankangoyankhula yekha mumdima. Mukawonkhetsa, onse awiri ankagona maola 13. Kusiyana kwake kunali kagawidwe basi.

Mwana aliyense ali ndi mlingo wake wa tulo, ndipo suwonjezeka chifukwa choti makolo atopa. Ukatapa ufa wambiri m'thumba nthawi ya nkhomaliro, wa mgonero umachepa. Titayamba kumudzutsa wamwamuna akagona kupitirira maola awiri, ola la pakati pa usiku lija linatha pasanathe sabata. Choncho kuchuluka kwa tulo ta masana nakonso n'kofunika kukuyang'ana, osati nthawi yokha.

Agogo_a_ku_Dedza

Kudzutsa mwana amene ali mtulo, bambo? Kwathu zimenezo sitichita. Amati mwana amakula akagona.

Bambo_wa_mapasa

Agogo, sindikunena zomugwedeza kapena kumuthira madzi. Ine ndinkangotsekula katani, n'kumuvundukula nsalu, n'kuyamba kuyankhula ndi mayi ake m'chipinda momwemo, ndipo pakatha mphindi zochepa ankaphethira yekha. Zakuti amakula akagona n'zoona, koma amakulanso akagona usiku.

Mlezi_wakale

Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti mlandu ukulowera pang'onopang'ono kwa mtsikana amene sali pano kuti adziyankhire. Ine ndinalera ana a anthu kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndisanayambe bizinesi yanga, choncho ndiloleni ndifotokoze mmene tsiku la mlezi limayendera. M'mawa pamakhala kuchapa matewera ndi zovala za banja lonse, kukolopa, kutsuka mbale za dzulo, ndiponso kutunga madzi ngati mpopi wauma. Mwana akagona pa nthawi imeneyo, amagona mphindi 20 n'kudzutsidwa ndi phokoso la ndowa kapena la ana a pa nyumba yoyandikana. Masana pamakhala kuphika, kudyetsa mwana ndi kusita. Ikakwana 4 koloko, mlezi amadziwa kuti abwana akubwera ndipo afuna kupeza ndiwo zitapsa, madzi osamba ali pa moto. Mwana amene sanagone mokwanira tsiku lonse amakhala akulira, ndipo palibe amene angasiye khanda lokwawa pafupi ndi mbaula ya moto. Ndiye atani? Amamubereka. Kumsana n'kofunda, kukugwedezeka, ndipo mwana wotopa amagona nthawi yomweyo.

Mtsikanayo akamati "posachedwapa" sakunama chifukwa cha mwano, akuopa kukalipiridwa. Ngati mukufuna kuti mwana asamagone 4 koloko, muyenera kusuntha ntchito, osati kungopereka lamulo. Ndiwo ziphikidwe masana pamene mwana wagona, kusita kudikire Loweruka, ndipo kuyambira 4 koloko ntchito ya mlezi ikhale mwana yekha: kumutulutsa panja, kumuonetsa nkhuku, kumusambitsa. Mukafuna zonse, ndiwo zotentha ndi mwana wamaso, mudzapitiriza kumva "posachedwapa".

Mayi_wa_ku25

Achemwali, mwandidzudzula ndipo ndalandira. Sindinaganizepo kuti ndiwo zimene ndimafuna kuzipeza zotentha n'zimene zikundigoneka 11 koloko.

Wa_ku_Leeds

Ndikufuna kuwonjezera pa wotchi ya m'thupi imene a Namwino anatchula, chifukwa ine ndinaimvetsa nditasamukira kuno ku England. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, kusiyana kwake n'kochepa, ndipo mdima umagwa msanga. Kuno mu June dzuwa limalowa itadutsa 9:30 usiku n'kutuluka isanakwane 5 koloko m'mawa, pamene mu December 4 koloko madzulo kumakhala kutada kale. Mwana wanga woyamba anabadwira ku Blantyre ndipo sindinagulepo katani yapadera. Wachiwiri anabadwira kuno, ndipo m'chilimwe chake choyamba tinachita kupachika bulangeti pa windo kuti akhulupirire kuti ndi usiku. Zimene agogo a ku Dedza akunena, zoti sanakhalepo maso ndi khanda mpaka 11 koloko, mbali ina ndi chifukwa cha mdima wa kumudzi. Koloboyi akazima, nyumba yonse imagona, ndipo tambala akalira onse amadzuka, mwana n'kutuluka nawo panja dzuwa likutuluka. M'tauni 9 koloko usiku magetsi ali ngwee, wailesi yakanema ikulira, mafoni akuwala, ndiye mwana adziwa bwanji kuti kwada?

Pa zoti tulo ta masana n'tothandiza kapena ayi, pali kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015, wochitidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield kuno ndi ya Bochum ku Germany. Anaonetsa makanda a miyezi 6 ndi a miyezi 12 kachitidwe kena ndi chidole chovala kudzanja, kenako anayang'ana ngati adzakumbukira. Makanda amene anagona mphindi zosachepera 30 pasanathe maola anayi chionereni anakumbukira, pamene amene sanagone sanaonetse kuti akukumbukira. Choncho kumana khanda tulo ta masana sikungowononga usiku wokha, kumalandanso ubongo nthawi yosunga zimene laphunzira.

Bambo_wa_mapasa

Kafukufuku ameneyo akunena za kukumbukira, osati za tulo ta usiku. Tisasakanize mfundo ziwiri.

Wa_ku_Leeds

Mukunena zoona, achimwene, ndipo pa mfundo yanu palinso umboni, koma ukukhudza ana okulirapo. M'chaka chomwecho cha 2015, Karen Thorpe ndi anzake a ku Queensland, ku Australia, anaunika pamodzi akafukufuku ambiri a tulo ta masana a ana aang'ono. Chimene chinaoneka mobwerezabwereza n'chakuti mwana akapitirira zaka ziwiri, kugona masana kumayenderana ndi kuchedwa kugona usiku ndiponso kuchepa kwa tulo ta usikuto. Apa ndi pamene apongozi a amayi athuwa akulondola, monga ananenera agogo. Kungoti mwana amene tikukambirana ali ndi miyezi 8, osati zaka zitatu.

Mphunzitsi_wa_mkombaphala

Zimenezi ndimaziona chaka ndi chaka. M'kalasi mwanga muli ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo tikamwa phala timayala mikeka kuti apume. Ena amagona mutu usanafike pansi, ena amangoyang'ana kudenga akuseweretsa zala. Kale tinkawakakamiza onse kutseka maso, mpaka makolo ena anayamba kudandaula kuti masiku a sukulu ana awo amagona mochedwa kuposa Loweruka ndi Lamlungu. Masiku ano amene sakufuna kugona timamupatsa buku la zithunzi kuti akhale chete pakona. Ana ambiri amasiya okha kugona masana pakati pa zaka zitatu ndi zisanu, ndipo palibe tsiku limodzi limene onse amasiyira.

Kwa makanda ndondomeko yake imadziwika bwino. Cha m'ma miyezi 6 ambiri amagona katatu masana, pakati pa miyezi 6 ndi 9 amatsika n'kufika kawiri, ndipo pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka amatsala ndi kamodzi, nkhomaliro itatha. Mwana wanu, amayi, ali pa msinkhu weniweni wosiyira tulo tachitatu, tomwe ndi ta madzulo tija. Nthawi ya kusinthaku imakhala yovuta, chifukwa masiku ena amatifuna, masiku ena ayi.

Chigwa_cha_Shire

Nonse mukuyankhula ngati anthu okhala kumalo ozizira. Bwerani kuno ku Chikwawa mu October muone ngati khanda lingagone 1 koloko masana m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Mwana wanga ankangotembenuka, thukuta lili kamukamu, khosi lonse litatuluka timatuza ta kutentha, ndipo ankagona pokhapokha kukayamba kuzizira cha m'ma 4 koloko. Si ulesi wa mlezi kapena wa mayi, ndi nyengo. Chimene chinatithandiza chinali kusamutsa tulo tatikulu n'kutiika m'mawa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko kusanatenthe, ndipo masana tinkamusambitsa madzi osatenthetsa n'kumugoneka pa mkeka pakhonde la mbali ya mthunzi, atavala thewera lokha, munthu ali pambali pake. Akagonabe madzulo tinkamulola mphindi 20 kapena 30, osapitirira. Ku Lilongwe nako miyezi imeneyi kumatentha, choncho funsani ngati chipinda chimene mwana amagonekedwa masana sichikhala ng'anjo.

Namwino_wopuma

Mfundo ya kutentha ndi yofunika, ndipo popeza tafika pa malo ogona, ndikumbutse kuti malamulo a usiku ndi omwewonso masana. Khanda losakwana chaka ligonekedwe chagada, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo kapena mulu wa zofunda pafupi ndi nkhope. Lisasiyidwe pa sofa, ndipo munthu wamkulu asagone nalo pa sofa, chifukwa likhoza kulowa pa mpata n'kubanika. Likagona kumsana, woberekayo aonetsetse kuti mphuno ili poyera, chibwano sichinatsamire pachifuwa, ndipo mutu sunaphimbidwe ndi nsalu yachiwiri. Tulo ta madzulo tili ndi vuto linanso: tikapitirira mpaka mdima, mwana amakhala ali panja kapena pa mkeka wopanda neti pa nthawi imene udzudzu wayamba kuuluka.

Mnyamata_wa_kabaza

Mlongo wanga amangomupatsa wake kasupuni ka Piriton madzulo ndipo amagona mpaka m'mawa. Bwanji osatero m'malo mowerengera maola?

Namwino_wopuma

Achimwene, chonde kawauzeni alongo anu asiye lero lomwe. Piriton ndi mankhwala a ziwengo, si mankhwala ogonetsa ana, ndipo sayenera kupatsidwa kwa khanda losakwana chaka chimodzi. Kuwodzera kumene amabweretsa si tulo tachilengedwe, mlingo wake ndi wosavuta kupyola pa thupi laling'ono, ndipo ana ena m'malo mogona amabalalika n'kulira kwambiri. Choopsa china n'chakuti mwana wogonetsedwa ndi mankhwala amabisa zizindikiro za matenda. Ndinenenso za tiyi, poti ambiri amamwetsa makanda madzulo poganiza kuti ndi chakumwa chofatsa. M'masamba a tiyi muli caffeine, amene ntchito yake ndi kutsekereza uthenga wa kutopa uja kuti usamveke mu ubongo. Zakumwa za kola n'chimodzimodzi.

Ndipo tisiyanitse mwana amene amagona kwambiri masana chifukwa cha chizolowezi ndi amene wayamba mwadzidzidzi kugona mosadzutsika. Ngati mwana ali lefu, akuvuta kudzutsa, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, watentha thupi kapena wakomoka, imeneyo si nkhani ya ndondomeko ya tulo. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, chifukwa malungo pa khanda sadikira kuti kuche.

Amake_awiri_Chipata

Ndabwera mochedwa, koma pali chinthu chimodzi m'mawu oyamba a amayiwa chimene palibe wachigwira. Anati zonsezi zinayamba iwo atabwerera ku ntchito. Kuno ku Zambia lamulo la ntchito la 2019 limapereka masabata 14 a tchuthi cha uchembere, pamene kwanu ku Malawi lamulo limanena masabata 8, ngakhale mabwana ena amawonjezera. Kaya ndi masabata angati, tsiku limafika loti mayi achoke m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo mwana woyamwa amapeza njira yake yobwezera. Wanga wachiwiri ankangolawa mkaka wofinya umene ndinkasiya m'kapu, masana ankagona kwambiri, ndipo ine ndikafika ankayamwa usiku wonse ngati akulipiritsa ngongole. Anali atatembenuza tsiku dala, kuti nthawi yake yokhala maso igwere pamene bere lilipo.

Choncho kugona mochedwa kuja n'kutheka kuti kukuchokera ku tulo ta madzulo, koma kudzuka kawiri kapena katatu kukhoza kukhala njala ndi kusowa mayi. Musadabwe mukakonza za masana n'kupeza kuti akudzukabe. Pa miyezi 8 ana ambiri oyamwa amadzuka usiku, ndipo pa msinkhu womwewu amakhala akuphunzira kukwawa ndi kuimirira, mano akumera, komanso ayamba kuzindikira kuti mayi akachoka ndiye kuti achokadi. Onetsetsani kuti masana akudya mokwanira, phala lothira nsinjiro kapena dzira, osati lamadzimadzi, ndipo mukafika mupatseni ola lathunthu la inu nokha musanagwire ntchito ina iliyonse.

Kalulu77

Ndiye kuti mwanayu si wovuta, ndi wochenjera. Waona kuti sitolo imatsekula 6 koloko madzulo.

Bambo_wa_mapasa

Ndikuvomereza za njala, koma kudzuka kuti ayamwe n'kugonanso n'kosiyana ndi kukhala tsonga 2 koloko akuwomba m'manja. Woyamba ndi wanjala, wachiwiri tulo tamuthera. Amayi, kwa sabata imodzi lembani pa pepala nthawi iliyonse imene wagona ndi imene wadzuka, usana ndi usiku, ndipo mlezi azilemba nawo popanda kuopa. Mukawonkhetsa mudzadziwa mlingo wa mwana wanu, ndipo mudzaleka kulimbana ndi maola a m'mabuku. Pakati pa 12 ndi 16 pali maola anayi athunthu, ndipo wina akhoza kukhala ndi mwana wa maola 12 n'kumadzizunza pofuna kumugoneka 15.

Agogo_a_ku_Dedza

Za mapepala ine sindizidziwa, koma mwana amanena yekha tulo tikamabwera. Amayasamula, amatikita maso, amakoka khutu, amayang'ana malo amodzi osaphethira, ndipo chidole chimene amachikonda amachitaya. Ukamutenga pamenepo amagona ngati mwana wa mbuzi. Ukadikira kuti alire, wachedwa. Mtsikana wanuyo muphunzitseni kuona zimenezi m'mawa ndi masana, ndipo za madzulo zidzachepa zokha. Apongozi anu musakawatsutse pamaso, mudzangowauza kuti malangizo awo mwawasunga mpaka mdzukulu wawo adzayambe kuthamanga.

Mayi_wa_ku25

Ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndinene mmene zayendera. Tinakhala pansi ndi mtsikana wanga, ndipo nditamutsimikizira kuti sindimukalipira, anaulula kuti mwana ankagona kumsana kuyambira cha m'ma 3:30 mpaka ine kufika, pamene m'mawa ankangogona mphindi 20 kapena 30, ndipo masana nthawi zambiri sankagona n'komwe chifukwa chipinda chathu chimayang'ana kumene dzuwa limawomba. Tinapachika pepala kuseri kwa chitseko, ndipo sabata yoyamba inaonetsa kuti mwana wanga ndi wa maola 13 kapena kuchepera pang'ono.

Tsopano timamudzutsa 6 koloko ndisanachoke kuti ayamwe, kenako amatuluka naye panja. Amagona cha m'ma 9 koloko kwa ola limodzi, ndipo amagonanso cha m'ma 1 koloko pabalaza, pamene pamazizira, kwa ola ndi theka. Ndiwo zimaphikidwa nthawi imeneyo, ine ndimangotenthetsa. Masiku anayi oyamba anali owawa, chifukwa ikamakwana 5 koloko ankalira kufuna kumsana, ndipo kawiri konse anagonera m'bafa akusambitsidwa. Panopa amagona pakati pa 7 koloko ndi 7:30, magetsi a pabalaza titazimitsa, ndipo kuwomba m'manja kwa 2 koloko kunatha. Kudzuka sikunathe: amayamwa cha m'ma 11 koloko ndiponso cha m'ma 3 koloko, monga ananenera amayi a ku Chipata, koma amagonanso pasanathe mphindi 10.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti tsopano ndimamuona ali maso ola limodzi lokha madzulo, ndipo bambo ake, amene amafika mochedwa, masiku ena amamupeza atagona kale, moti ayamba kudandaula. Vuto latsala Lamlungu. Mapemphero athu amayamba 9 koloko n'kutha cha m'ma 12, mwana amagonera m'manja nthawi yosadziwika, ndipo pobwerera amagonanso m'minibasi. Amene muli ndi makanda, mumatani tsiku limeneli?

Mlezi_wakale

Mberekeni mukangolowa m'tchalitchi, mukhale kumbuyo pafupi ndi khomo, kuti tulo ta 9 koloko tichitikire kumsana kwanu nyimbo zikuimbidwa. Akagonanso m'minibasi musamudzutse, koma mukafika kunyumba muwerenge tulo timeneto ngati ta masana, ndipo ngati tafupika, usiku umenewo mumugoneke mofulumirako ndi theka la ola. Lolemba m'mawa mumudzutse 6 koloko monga mwa masiku onse, ngakhale atagona mochedwa.